Mlatho wa a Mawotchi

Kashopu ka a Mawotchi kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa sitolo ya nsapato ndi chipinda chometera. Kanali kopanikiza moti kasitomala wonenepa ankalankhula ali panja. M'katimo munali tebulo loyala nsalu yobiriwira, nyale yopinda khosi, kagalasi kovala padiso, ndi mawotchi oposa makumi atatu pakhoma, onse akunena nthawi imodzi. Dzina lenileni la bambowa linali pa chiphaso pokha. Msewu wonse unkawatchula ndi ntchito yawo, ndipo ngakhale akazi awo akakwiya ankati "inu a Mawotchi".

Ntchitoyi anaiphunzira kwa mkulu wina wa diso limodzi, amene ankawamenya zala ndi rula akangopumira pamwamba pa wotchi yotsegula. Anakwatira, anabereka ana awiri, anawo anakula n'kupita kumizinda ina. Mafoni atabwera, anthu anasiya kuyang'ana nthawi pamkono, ndipo okonza mawotchi anzawo anasanduka ogulitsa machaja. Iwo anakana. Anatsala okha mumsewu wonsewo, akukonza mawotchi a paukwati ndi a malemu, aja anthu sataya.

Mowa sankaudziwa, za mpira zinkawagonetsa tulo, ndipo pa maphwando a abale ankakhala ngati munthu wodikira basi. Chawo chinali chimodzi. Loweruka lililonse, mawotchi a pakhoma akangoti 2 koloko, ankakoka chitseko chachitsulo, kuwoloka msewu, n'kukalowa kuseri kwa shopu ya fotokope. Kumeneko kunali kachipinda kopanda zenera, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi makompyuta anayi. Osewera anali omwewomwewo chaka ndi chaka: iwo, a Lezala ometa tsitsi khomo loyandikana ndi kashopu kawo, a Nesi a kuchipatala cha ana, ndi mwini shopuyo, munthu wofatsa amene ankaluza akumwetulira.

Gemu imene ankasewerayo eni ake anaipatsa dzina lalitali, koma m'chipindamo ankangoti Malinga. Umayamba ndi alimi asanu ndi kadambo. Umalima, kudula mitengo, kuswa miyala, kumanga linga, kenako n'kuphunzitsa asilikali. Pakati pa dzikolo pamadutsa mtsinje, osewera awiri tsidya lino, awiri tsidya lija, ndipo mlatho ndi umodzi wokha. Amene wagwetsa linga la mnzake ndiye wapambana. A Mawotchi ankakhala mbali imodzi ndi a Nesi, a Lezala ndi mwini shopu.

Tsono vuto linali pa mlathopo. Opanga gemuyo penapake anagona. Asilikali akapitirira khumi pa mlatho ankapanikizana ngati mbuzi pakhomo la khola: wapakavalo kutembenuka, wamkondo kumugunda, ngolo kugona chopingasa, onse kumangozungulira pomwepo kwinaku adani akuwalasa ali phee pansanja. Kuti uwolotse gulu lankhondo unkayenera kuwatumiza asanuasanu, ndipo zimenezo sizinkatheka usanamange zogumulira nsanja, ntchito ya theka la ola. Choncho mu Malinga nkhondo inkachedwa, ndipo a manja othamanga ankatukwana.

Wotukwana wamkulu anali a Mawotchi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo zala zawo zinkanyamula kasikuluu kochepa kuposa njere ya mchenga n'kukakhazika pamalo pake osapuma kawiri. Pa kiyibodi zinkamveka ngati mvula padenga la malata. Munthu wotere kumuuza kuti adikire theka la ola chifukwa cha ulesi wa wina, n'kumuputa dala. Anatenga wotchi ya othamanga, ija yodina, nakhala masabata atatu akuyeza. Wotchi iliyonse imene ankakonza ankaisunga masiku asanu ndi awiri asanaibweze kwa mwini wake, ndiye pa gemunso chilichonse anachiyesa kasanu ndi kawiri, kutaya chachikulu ndi chaching'ono, n'kulemba chotsalacho mpaka kachidutswa ka sekondi. Kenako analemba kalata ya masamba asanu ndi anayi, zolakwika khumi ndi zinayi, choyamba mlatho, n'kuiika pa bwalo la pa intaneti pamene osewera a maiko onse amakhuthulira madandaulo awo. Pansi pake anasaina kuti Mawotchi.

Kalatayo inayenda. Ena anaimasulira m'zilankhulo zawo. Bwalo linagawikana pakati: awa ankati mlatho anaupanga dala kuti gemu ikhale ya nzeru, awa ankati kumeneko n'kuthira perefyumu khoswe wakufa. A Mawotchi ankayankha aliyense, wotchi ya kasitomala ili chitsegulire patebulo. Mawu awo amene anatchuka kwambiri anali akuti, "Chinthu chochedwa si chanzeru, n'chowonongeka." Anthu ankawakopera pansi pa maina awo. Eni gemu okha ndi amene anati zii, chaka, zaka ziwiri, zisanu, mpaka osewera anazolowera kudandaula za mlatho monga mmene timadandaulira za kutentha.

M'chaka chachisanu ndi chitatu, chala chachikulu cha dzanja lawo lamanja chinayamba kugwedezeka chokha. Anati ndi tiyi, nasiya tiyi. Anati n'kutopa, napuma sabata. Dokotala anawayendetsa m'khonde, kuwagwiritsa chala pamphuno, n'kuwauza mosazungulira kuti mankhwala ochedwetsa alipo, ochiza palibe. Anabwerera kunyumba dzanja lili m'thumba, ndipo m'thumbamo linakhala zaka zitatu.

Ankadziwa ndi akazi awo okha. Mayiwa ankasoka makatani kunyumba, koma anayamba kubwera ku kashopu masana ngati obweretsa chakudya, n'kutseka chitseko theka. Ankatola ndi maginito tisikuluu togwa pansi. Patapita nthawi anayamba kugwira okha kopanira, amuna awo ali pambali akulangiza: kumanzere pang'ono, musakanikize, basi pomwepo. Kasitomala ankalandira wotchi yake ikuyenda n'kuyamika manja a bambowo.

Pa Loweruka pokha ndi pomwe sankafuna wowagwirira. Anasamukira pa kompyuta ya pakona, pamene chigongono chimatsamira khoma. Mankhwala ankamwa 1 koloko kuti pofika 2 koloko akhale atagwira. Mausi anaichepetsa liwiro, ndipo dzanja lamanzere likapeza mpata linkapanikiza linzakelo. Ndipo mlatho uja, umene anautukwana pamaso pa dziko lonse, unkawapatsa theka la ola. M'theka la ola munthu wa dzanja lonjenjemera amatha kumanga. Ankaika nsanja pamene wina sanaganizire, kukumba ngalande, kubisa oponya mivi kuseri kwa nkhokwe. A Lezala akamadzawoloka ankapeza manda awo atakumbidwa kale.

"Akulu awa akhwima," ankatero a Lezala akukanda m'mutu. "Kale ankatipha ndi liwiro, lero akutipha ndi ufiti."

A Mawotchi ankangoseka. Kunyumba anali wodwala, ku kashopu anali mlangizi wa akazi awo, koma m'kachipinda ka fani yolirayo anali munthu woopedwa. Zimene zinawatsalira zinali zokhazo, ndipo ankadziwa.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. M'chaka chakhumi ndi chimodzi gemuyo inagulidwa ndi kampani ina, ya achinyamata akhama, ndipo pofufuza zakale anaipeza kalata ija. Analemba pabwalo kuti aiwerenga yonse, kuti mwini wake ananena zoona, ndi kuti mlatho aukonza. Anapereka mwezi umodzi kuti osewera anene maganizo awo n'kuvota. Anawonjezera kuti pothokoza, mlathowo m'gemu adzautcha dzina la mlembi wa kalatayo.

A Lezala anathamangira ku kashopu atasiya munthu pampando, mutu atametedwa mbali imodzi.

"Akulu! Mawu a akulu akoma akagonera! Zaka khumi ndi chimodzi, lero akumvani! Mlatho wa Mawotchi! Ine kumameta munthu wotchuka osadziwa!"

"Ndaona," anatero a Mawotchi, dzanja lili m'thumba.

"Mwaona? Basi? Kapena mwalandira uthenga wa maliro?"

Eni atsopanowo anatulutsa gemu yoyeserera, ya mlatho wokonzedwa. Lamlungu masana a Mawotchi anaiika pa kalaputopu kakale patebulo lodyera, nasewera ndi kompyuta. Wotchi yodina anapatsa akazi awo, chifukwa chala chawo chinkadina kawiri. Adani anawoloka pa mphindi yachisanu ndi chimodzi. Anayambiranso, adani anawoloka msanga kuposa poyamba. Anayesa kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri linga lawo linapsa asanamalize nsanja yachiwiri.

"Bambo, bwanji osangowauza anzanuwo?" anafunsa mayiwo akuika wotchi patebulo. "Si anthu oipa."

"A Lezala akadziwa m'mawa, masana msewu wonse wadziwa. Ndani angabweretse wotchi yake kwa munthu wonjenjemera?"

"Mawotchiwo ndikukonza ndine, chaka chachiwiri chino. Nenani china."

"Adzandimvera chisoni, mayi. Ine chisoni ndimachipeza kale kuno."

Mayiwo anapita kukapitiriza katani yawo, ndipo makina anasoka mwaukali kuposa mmene nsaluyo inkafunira.

Sabata imeneyo pabwalo panatuluka kalata ina, ya munthu watsopano wodzitcha Wodutsa. Inkati kuthamanga sikufika. Inkati mlatho ukatseguka gemuyi idzakhala ya zala, osati ya mutu. Inkati pali osewera achikulire, pali otopa ndi ntchito, pali ena amene manja awo si akale aja, ndipo theka la ola lija ndi limene limawasunga patebulo. Za mlembi mwini wake sinanene kanthu. A Mawotchi anailemba masiku anayi, ndi chala chimodzi chakumanzere, akusamala kuti pasaoneke liwu lililonse la m'kalata yoyamba. Koma mmisiri sabisika. Kumapeto kwake anaika manambala, ndipo pansi pa manambalawo analemba kuti, ndayesa kasanu ndi kawiri, ndataya chachikulu ndi chaching'ono. Sanaone n'komwe kuti alemba zimenezo. Kwa iwo nambala yosayesedwa kasanu ndi kawiri inali bodza, ndipo pa nambala sakanatha kunama ngakhale m'kalata ya dzina labodza.

Pabwalo Wodutsayo anamukuwiza. Ochepa anamuvomereza, mwamanyazi. Ambiri anamuyankha ndi mawu amodzi omwewo, otengedwa m'kalata yoyamba ija: chinthu chochedwa si chanzeru, n'chowonongeka. A Mawotchi anawawerenga mawuwo kambirimbiri, dzanja likuvina pabondo.

Loweruka a Lezala sanayatse kompyuta. Anakhala chotembenuka pampando, foni ili m'manja.

"Akulu, tamverani ichi. 'Ndayesa kasanu ndi kawiri, ndataya chachikulu ndi chaching'ono.' Padziko lonse lapansi, ndi anthu angati amene amataya chachikulu ndi chaching'ono?"

"Ambiri."

"Ndi mmodzi, ndipo ndimamumeta ine. Wodutsa ndinu. Mwadutsa kuchokera kuti, poti mumakhala pompano?"

Mwini shopu anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha.

"Munthu saloledwa kusintha maganizo?" anafunsa a Mawotchi.

"Amaloledwa, koma ndi nkhope yake. Mlathowu munatiphunzitsa kudana nawo ndinu. Ine ndinatukwanizana ndi anthu a maiko amene sindidziwa n'komwe kuti ali kuti, kukuikirani kumbuyo. Lero mwaona kuti vutolo likukupambanitsani, mwavala chigoba n'kumati lisiyeni. Mukuopa kuluza, akulu. Ingonenani kuti mukuopa Lezala."

"Gemu ya mphindi zisanu ndi imodzi si gemu. Ndi mpikisano wa zala."

"Zalazo si zanu zomwe zija? Zapita kuti?"

Apa mpomwe a Mawotchi akananena zoona. A Nesi ankangoyang'ana nsapato zawo zoyera.

"Yatsani tisewere," anatero a Mawotchi.

Tsiku limenelo anapambana, ndipo a Lezala anatuluka osatsanzika.

Zotsatira za mavoti zinatuluka kumapeto kwa mwezi. Pa osewera khumi alionse, asanu ndi anayi anati mlatho ukonzedwe. Gemu yakale eni ake anaitseka, moti ukayatsa kompyuta yatsopanoyo inkalowa yokha, ufune usafune.

Loweruka lotsatira a Mawotchi anamwa mankhwala 1 koloko monga mwa masiku onse, navala jekete yawo yabwino. Anayamba bwino: alimi kumunda, odula mitengo kunkhalango, maziko a nsanja yoyamba. Pa mphindi yachisanu sikirini inathwanima, ndipo pamwamba panatuluka mawu achikasu: Adani akuwoloka Mlatho wa Mawotchi.

Apakavalo makumi atatu anawoloka mwa kamodzi, osagundana ngakhale mmodzi. Achinyamata aja ntchito anaigwira bwino, tisawanamizire. A Mawotchi anafuna kusankha asilikali awo, koma mantha ndi matendawa m'pachibale. Kamuvi ka pa sikirini kanayamba kuvina, kuchoka pa nsanja kupita kumtsinje, kubwerera, kusankha nkhuku, kusankha mtengo. Anapanikiza ndi dzanja lamanzere, mkono wonse unakana. Mausi inagunda kiyibodi, inagunda khoma, n'kugwa, n'kumalendewera pa chingwe chake.

"Ndakuphani! Zaka zitatu mukundizunza, lero ndakuph..."

A Lezala anali ataimirira, manja m'mwamba, ndipo anatembenuka kuti awaone nkhope. Anaona dzanja. Linali patebulo poyera, likugunda thabwa lokha ngati nsomba yongovuulidwa kumene.

"Akulu," anatero a Lezala, mawu atatsika. "Chiyambire liti?"

"Zaka zitatu," anayankha a Nesi. "Pepani bambo, kuona ndi ntchito yanga. Ndinkangoika oponya mivi anga kumbali kwanu, osanena kanthu."

Mawu amenewo anawapweteka a Mawotchi kuposa moto wa pa linga. Njira yonse yobwerera kunyumba ankawerenga m'mutu masiku a Loweruka a zaka zitatuzo, kufunafuna kuti ndi ati amene anapambana okha, ndipo sanathe kuwasiyanitsa.

A Lezala, amene aliyense ankati pakamwa pawo palibe chitseko, sanauze munthu. Msewu sunadziwe. Lolemba anabwera ku kashopu, anaima pakhomo, ananena za mvula, n'kubwerera. Zimene a Mawotchi ankati akuopa sizinachitike. Zinachitika ndi zinazo, zimene ankaopadi.

Loweruka anapitanso. Anapeza pampando pawo ataikapo pilo, ndipo mwini shopu anali atabweretsa mausi yaikulu yolemera. Onse anawalonjera mokweza ngati mlendo. Gemu inayamba. Mphindi zisanu zinadutsa, mawu achikasu sanatuluke. Khumi. Khumi ndi zisanu. A Mawotchi anatumiza kazitape kumtsinje, ndipo anawapeza: apakavalo makumi anayi, oponya mivi kumbuyo kwawo, ataima m'mizere yowongoka tsidya lija. Patsogolo pawo mlatho unali wopanda kanthu. Akavalo ankangogwedeza michira.

"A Lezala, asilikali anu akudikira chiyani?"

"Ndikukonzekera, akulu. Nkhokwe sindinamalize."

"Nkhokwe mwamaliza kalekale, ndikuiona. Wolokani."

"Tagwirizana kuti theka la ola lija linali labwino. Gemu imakoma ikatalika. Si mmene munalembera?"

"Mwagwirizana liti? Ine ndinali kuti?"

Patebulo la a Nesi panali foni yogoneka chagada, ikuwerenga nthawi chobwerera m'mbuyo. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi zinayi.

"Woloka, iwe," anatero a Mawotchi, ndipo m'zaka makumi awiri za ubwenzi wawo aka kanali koyamba kumutchula mnzawoyo kuti iwe. "Mlatho wakonzedwa. Ndinapempha ndine. Woloka undiphe ngati munthu."

A Lezala anagwira mausi. Anasankha gulu lonse, linawala pa sikirini. Chala chinaima pamwamba pa batani. Munthu amene amayendetsa lezala pakhosi pa anthu tsiku lonse osaphethira anayang'ana pakona paja, misozi ili lengelenge, nachotsa dzanja.

"Sindingathe, akulu."

A Mawotchi anadikira pang'ono, kuti mwina. Kenako anaweramira pansi pa tebulo, nazimitsa kompyuta ndi chala chakumanzere. Mlatho wakale uja unkatsekereza aliyense mofanana, ndipo sunkamvera munthu chisoni. Anatenga pilo uja, naupereka kwa mwini shopu ndi manja awiri, n'kutuluka.

Loweruka linalo, 2 koloko itakwana, mawotchi a pakhoma analira onse pamodzi. Chitseko cha kashopu chinali chotseka theka. Pampatapo a Mawotchi ankaona tsidya la msewu, pamene a Lezala anaima pakhomo la shopu ya fotokope akuyang'ana kuno. Anaima nthawi yaitali, kenako analowa m'shopu ya fotokopeyo.

M'kashopumo akazi a Mawotchi anali atavala kagalasi padiso, akuweramira kawotchi ka mayi wina womwalira. Foni inalira patebulo, ndipo anaisuzumira ndi diso linalo.

"Ndi eni gemu aja, bambo. Akuti zikomo, anthu akondwa. Akuti m'kalata yanu mwatsala zolakwika khumi ndi zitatu, ndiye akufunsa ngati mungawathandize kuyeza chachiwiri. Ndiwayankhe chiyani?"

A Mawotchi anayang'ana wotchi yodina ija, imene inali pa msomali pafupi ndi nyale. Anatulutsa dzanja m'thumba, poti munalibenso womubisira, naliika pabondo.

"Kumanzere pang'ono, mayi," anatero. "Musakanikize."